Kampingi ya 6 July: tigwirizane malo, nthawi yobukitsa yayandikira

Kondwani: Abale moni nonse. Nkhani ya kampingi ija tisaisiyenso m'malere chifukwa nthawi yatithera. Ma site (malo omangapo tenti mu kampu) a Alberta Parks, nthambi ya boma yoyang'anira mapaki a province ya Alberta kuno ku Canada, amatsegulidwa kutatsala masiku 90 kuti tsiku lolowa lifike, ndiye ngati tikufunadi wikendi yoyandikana ndi 6 July ndiye kuti kumayambiriro kwa April tikhale tili pa kompyuta 9 koloko m'mawa, osati madzulo tikaweruka, poti malo abwino sachedwa kutha. Maganizo amene abwera mpaka pano ndi awiri, ena akuti McLean Creek kufupi ndi Bragg Creek, ena akuti Fish Lake kufupi ndi Nordegg. Tiyeni tikambirane lero lomwe.

Yamikani: McLean Creek basi akuluakulu, palibenso zokambirana apa. Kuchokera mu Calgary ndi pafupi kwambiri, ukaiwala mchere umangothamangira pa Bragg Creek n'kubwerera nyama isanapse

Mai a Tadala: Achimwene a Yamikani mukungoganizira a ku Calgary okha. Ife a ku Edmonton tiyende maola atatu kufika ku Calgary, kenako tiwonjezerenso ola lina, ndi ana awiri kumbuyo akufunsa kuti tifika nthawi yanji. Chaka chino tiganizireniko nafe chonde

Ankolo Mbewe: Ana anga ndilankhuleko. McLean Creek ndi malo abwino kwa amene ali ndi ma quad (njinga zamoto za matayala anayi) ndi njinga zamoto za m'tchire, dera lonse lija analisiyira anthu a masewera amenewo, ndiye wikendi ya chilimwe phokoso la ma injini limayamba m'mawa mpaka dzuwa kulowa, fumbi nalonso. Ife tikupita ndi ana ang'onoang'ono othamangathamanga. Chachiwiri, mukakhala mbali imeneyo mufuna kukaona mathithi a Elbow Falls, ndipo kumeneko galimoto iliyonse imafuna chiphaso cholowera m'dera la Kananaskis, Kananaskis Conservation Pass, $15 patsiku kapena $90 pachaka, inayamba mu 2021. Ku Nordegg kulibe zimenezo chifukwa si Kananaskis. Fish Lake ili makilomita ochepa chabe kudutsa Nordegg pa Highway 11, nyanja yake ndi yaying'ono, yabata, yozunguliridwa ndi mitengo ya paini. A ku Edmonton ndi a ku Calgary nonse muyenda maola atatu ndi kenakake, palibe wodandaula kuti waonjezeredwa mtunda. Ine voti yanga ili kumeneko.

Mai a Tadala: Zikomo ankolo, mwandilankhulira

Yamikani: Ankolo inu mukukhala ku Red Deer ndiye kwa inu ndi pakhomo kkkk. Koma chabwino ndamva, nkhani ya ma quad ndi yoona

Dalitso: Ine kulikonse bola tidziwe msanga, kuntchito kwathu shifiti ya July amaipanga mu May ndiye ndiyenera kupempha ofu pano. Ndikudziwa tilipo ambiri pagulu pano ogwira ntchito zosamalira okalamba ndi za m'chipatala, wikendi sitimangoipeza

Kondwani: Mfundo imeneyo ndi yofunika a Dalitso. Tikagwirizana lero aliyense mawa akapemphe ofu. Tilowe Lachisanu, tituluke Lamlungu. Check-in ndi 4 koloko madzulo, check-out 2 koloko masana

Thoko: Pepani akuluakulu ndifunse nawo, ine ndangobwera mu September kudzaphunzira ndiye sindinagonepo mu tenti kuno. Anzanga a kusukulu akundiopseza kuti kumapiri kuli zimbalangondo, ndi zoona kapena akungondinamiza? Chifukwa ngati ndi zoona ine mai anga ku Zomba akamva sagona

Ankolo Mbewe: Thoko mwana wanga sanakunamize, zilipodi, zamitundu iwiri, black bear ndi grizzly, ndipo dera la Nordegg zonse ziwiri zimapezekako. Koma usaope mpaka kulephera ulendo. Chimbalangondo sichisaka munthu, chimatsata fungo la chakudya, ndipo mphuno yake ndi yamphamvu kuposa ya galu. Nkhani yonse yagona pamenepo. Chilichonse chonunkhira chimagona m'galimoto yotseka mawindo: chakudya, kuulabokosi ngakhale ikhale yopanda kanthu, mafuta ophikira, mbale, zinyalala, mankhwala otsukira mano, sopo, mafuta odzola. Mu tenti mumalowa munthu ndi zofunda basi. Zinyalala timakataya m'mabini achitsulo aja otsekeka, osasiya jumbo pa tebulo kuti tidzataya mawa. Ndipo ndikunena izi osati chifukwa cha ife tokha ayi. Chimbalangondo chikangolawa chakudya cha anthu kamodzi chimazolowera kubwera ku makampu, mapeto ake a zanyama amakakamizika kuchisamutsa kapena kuchipha. Ndiye ulesi wa munthu mmodzi umaphetsa nyama yosalakwa, komanso umaika pangozi banja limene lidzagone pa site yomweyo sabata yotsatira.

Thoko: Eee mpaka mankhwala otsukira mano

Ankolo Mbewe: Mpaka amenewo. Ndi maswiti amene ana amabisa m'matumba, makolo musecheni asanagone

Anti Nachisale: Moni ana anga, ndimawerenga mwakachetechete. Ndiye apa nkhani yandikhudza ineyo chifukwa ndine ndinalonjeza kuphika nsima ya gulu lonse, ndipo usipa umene anandibweretsera achemwali anga ndinausungira tsiku limeneli. Achimwene a Mbewe mukuti usipa ndiusiye? Chifukwa 6 July yopanda usipa wothira tomato ndi anyezi ine sindikuiona bwinobwino

Ankolo Mbewe: Achemwali usipa ubwere, osausiya. Kungoti fungo lake mukulidziwa, ndiye tiuphike masana, tidye, titsuke mapoto nthawi yomweyo, wotsala ulowe m'chidebe chotseka n'kupita m'galimoto. Chimene ndikupemphani kwambiri ndi cha poto wa nsima. Kwathu tinazolowera kuthira madzi m'poto kuti makoko afewe n'kusiya panja mpaka m'mawa, kumeneko zimenezo ayi ndithu. Poto atsukidwe usiku womwewo, makoko asefedwe apite ku bini, madzi otsukira mbale asatayidwe pafupi ndi matenti kapena m'nyanja.

Anti Nachisale: Ndamva achimwene. Ndiye anyamata mudziwiretu kuti kukwecha poto ndi kwanu, ine ndikaphika ndakhala pansi. Ufa ndigula woyera ku shopu ya zakudya za ku Africa, mthiko ndi chipande ndili nazo, koma poto wamkulu wina abweretse, wanga ndi wa anthu 8

Mai a Tadala: Poto wamkulu ndili naye anti. Ndibweretsanso nyemba zophikaphika kale zoumitsa mu firiji, zimathandiza kuziziritsa kuulabokosi panjira

Yamikani: Nyama ndi mbaula ndi dipatimenti yanga. Makala matumba awiri, nkhuku, soseji, mbuzi ndikaipeza ku butchala ya halaal. Sipika yaikulu ija ndibweretsanso, 6 July timavina mpaka mbandakucha

Kondwani: Aise Yamikani apa tiyenera kumvana bwino tisananyamuke. Ku makampu a Alberta Parks phokoso limatha 11 koloko usiku mpaka 7 m'mawa, ndipo ngakhale masana nyimbo siziyenera kusokoneza a pa site yoyandikana. Akadandaula, oyang'anira amabwera, ndipo ali ndi mphamvu yotitulutsa usiku womwewo. Mowanso umamwedwa pa site yako yokha, osayenda ndi botolo kupita nalo kunyanja kapena m'misewu ya mu kampu

Yamikani: Ndiye chikondwerero chake chili pati abale? Tiyende maola atatu kukanong'onezana? Ine ndimaona ngati cholinga n'choti tisangalale ngati a Malawi, tikumbukire kwathu. Chaka chonse timakhala chete m'ma apartment kuopa ma neba, ndiye kutchire komwe tikakhalenso chete?

Dalitso: Pamenepa ndikumumvetsa Yamikani. Nanenso ndimasowa malo oti munthu useke mokweza osayang'ana kumbuyo

Mai a Tadala: Ndikumvetsa nanenso koma taganizirani mbali inayi. Anthu amene tikawapeze kumeneko nawonso alipira ndalama zawo, ena ayenda mtunda wautali kuthawa phokoso la m'tauni, ena ali ndi makanda. Ndipo tinene zoona, tikakhala gulu la anthu akuda 20 pa kampu yaing'ono aliyense amationa, tikalakwitsa sanena kuti Yamikani walakwitsa, amanena kuti anthu aja. Ine ndikufuna ana anga akakule akudziwa kuti mapiri amenewa ndi awonso, akhoza kupitako nthawi iliyonse mutu uli m'mwamba, osati kukumbukira tsiku limene tinathamangitsidwa pakati pausiku. Dansi tikhoza kupanga holo mu Calgary wikendi ina, ndidzavina nawo mpaka miyendo kuwawa

Ankolo Mbewe: Yamikani mwana wanga, mu July kuno dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Kuyambira masana mpaka nthawi imeneyo ndi maola angati? Sipika ibwere koma yaing'ono, tiyimbe nyimbo ya fuko lathu, tikweze mbendera pa tebulo, ana tiwauze kuti 1964 kunachitika chiyani, tidye, tisewere bawo, ndibweretsa langa. Ikakwana 11 tizimitse, tikhale pamoto tizicheza motsitsa mawu. Ukaona nyenyezi za kumeneko sipika suikumbukanso.

Yamikani: Chabwino ankolo, yaing'ono. Koma holo ija a Mai a Tadala mwalonjeza pagulu, ndasunga meseji

Mai a Tadala: Sungani ndithu

Kondwani: Tikadali pa Yamikani yemweyo, nkhani ya mbaula. Zaka zapitazi moto wa m'nkhalango wavuta kwambiri, mukukumbuka utsi wa 2023 ndi zimene zinachitika ku Jasper mu 2024. Kukauma boma limaika fire ban, ndipo ikafika pa ban yeniyeni moto wa nkhuni ndi makala zonse zimaletsedwa ngakhale mu kampu, chololedwa ndi sitovu ya gasi. Ndiye tisadalire mbaula yokha, tikhale ndi masitovu a propane osachepera awiri, ina yamphamvu yoti nsima ya anthu ambiri ipse. Sabata yonyamukayo ndizidzayang'ana pa albertafirebans.ca tsiku lililonse n'kumakuuzani

Chifundo: Ine ndili ndi sitovu ya mabanala awiri ndi silinda yaikulu, ndibweretsa. Za nkhuni bwanji, tikatola konko? Mitengo yakugwa ili mbwee m'nkhalango muja

Ankolo Mbewe: Osatola a Chifundo, ndi zoletsedwa, ngakhale nthambi youma yogwa yokha. Amati mitengo yoola ija ndi chakudya cha nthaka ndi nyumba za tizilombo ndi mbalame. Nkhuni timagula konko kapena m'dera lomwelo. Osanyamulanso nkhuni zochokera ku province ina, zimabwera ndi tizilombo topha mitengo. Ndipo moto timakoleza m'chitsulo chimene anaika pa site basi, pogona tithire madzi, titakase phulusa, tithirenso mpaka lizizire loti ukhoza kuligwira ndi dzanja

Chifundo: Zamveka. Funso lina, nyanja imeneyo dzina lake Fish Lake, nsomba zilimodi? Ine wa ku Nkhotakota sindingaone madzi osaponya mbedza

Dalitso: Zilimo, amathiramo ma rainbow trout. Koma mufunika laisensi ya usodzi, ndipo kuti muigule muyambe mwapeza nambala ya WIN (nambala yokuzindikiritsani pa za usodzi ndi ulenje), zonse zimapangidwa pa webusaiti ya AlbertaRELM kapena m'mashopu ogulitsa za usodzi. Ana osakwana zaka 16 safunika laisensi, okhala mu Alberta a zaka 65 kupita m'tsogolo chimodzimodzi. Muwerengenso malamulo a nyanja imeneyo a chaka chino, nambala ya nsomba zololedwa kutenga ndi nyambo yololedwa zimasiyana nyanja ndi nyanja. Mu July mumakhalanso wikendi imodzi ya Family Fishing Weekend yowedza opanda laisensi, Kondwani uyang'ane ngati ikugwirizana ndi masiku athu

Chifundo: Bho. Ana onse ofuna kuphunzira kuwedza abwere kwa ine Loweruka m'mamawa, ndili ndi mbedza zokwanira. Matumbo a nsomba ndamva kale, ku bini osati m'tchire

Thoko: Ine vuto langa lina ndi katundu. Tenti ndilibe, sleeping bag ndilibe, galimoto ndilibe, ndipo ndalama za mwana wasukulu mukuzidziwa. Bulangete limene ndinabwera nalo silingakwane? Si chilimwe kodi?

Mai a Tadala: Ayi Thoko usayerekeze. Masana kumatentha bwinobwino mpaka kuvala kabudula, koma Nordegg ili m'mphepete mwa mapiri, pamwamba, usiku wa July kumazizira kuposa Dedza mu June, nthawi zina kutsala pang'ono kufika pa 0. Ndipo kuzizira kwenikweni kumachokera pansi, ndiye chofunika kwambiri ndi kamatiresi koyala pansi pa sleeping bag, ukapanda kameneko ngakhale ufunde mabulangete atatu umadzuka msana uli gwa. Tenga chipewa cha ulusi, masokosi okhuthala ogonera okha, juzi, ndi jekete ya mvula chifukwa mabingu ndi matalala zimabwera mwadzidzidzi masana. Mankhwala a udzudzu usaiwale, udzudzu wake ulibe malungo koma umaluma zedi madzulo m'mbali mwa madzi

Kondwani: Thoko iwe uli pa University of Calgary eti? Pasukulu panu pomwepo pali Outdoor Centre, amabwereketsa matenti, ma sleeping bag ndi timamatiresi timeneto, aliyense akhoza kubwereka osati ana asukulu okha. Bukitsa msanga chifukwa July katundu amatha. Za mayendedwe ukwera ndi ife, tili ndi mpando umodzi

Anti Nachisale: Tenti asabwereke, agona ndi ine, yanga ndi ya anthu anayi ndipo ndili ndekha ndi mdzukulu wanga. Mwana wamkazi wobwera kumene sangagone yekha kutchire ine ndilipo. Uwauze mai ako ku Zomba kuti uli m'manja mwa anti

Thoko: Zikomo kwambiri anti, mwandimasula. Ndiwaimbira Lamlungu

Dalitso: Za zimbudzi ndi madzi tiwauziretu amene sanapiteko kuti asakadabwe. Zimbudzi za m'makampu otere zambiri ndi zokumba, zaukhondo ndithu koma zopanda madzi, ndiye sanitaiza ndi tochi ya pamutu ndi zofunika. Madzi akumwa tibwere nawo m'zigubu kuchokera kunyumba. Netiweki nayo ndi yovuta mukangodutsa Rocky Mountain House, pena imagwira pena ayi, ndiye mapu muwatsitsiretu pa foni muli kunyumba, ndipo amene mumatumiza uthenga kumudzi tsiku ndi tsiku auzeni kuti mukhala chete masiku awiri asaganize zoipa

Ankolo Mbewe: Ndipo mafuta thirani full pa Rocky Mountain House, pamenepo ndi tauni yaikulu yomaliza, kuchoka apo kufika Nordegg ndi makilomita pafupifupi 90 a nkhalango yokhayokha. Ayisi, buledi, zoiwalika zonse gulani pomwepo. A ku Calgary mukhoza kudzera Highway 2 mpaka Red Deer n'kukhotera Highway 11, kapena Highway 22 kudzera Cochrane ndi Sundre, yachiwiriyi ndi yokongola koma samalani agwape madzulo, amadumphira mumsewu osapereka chizindikiro. Amene mudzere ku Red Deer muime kwathu, tiyi adzakhala ali pamoto, tinyamukire limodzi

Chifundo: Loweruka masana tipange chiyani tikatha kuwedza? Ndinaona zithunzi za Crescent Falls, pafupi pomwepo eti?

Ankolo Mbewe: Pafupi, msewu wake umapatuka pa Highway 11 yomweyo mukapitirira kumadzulo. Mathithi awiri otsatizana pa mtsinje wa Bighorn, okongola kwambiri, tipite ndithu. Koma pano ndilankhula mwamphamvu. Tikaonera pamalo amene anakonza oonerapo, palibe wotsika kukajambulitsa pamiyala m'munsi, palibe wolowa m'madzi. Mu 2020 anthu atatu a banja limodzi anamira pamenepo. Madzi a m'mapiri amenewa ndi ozizira moti thupi limauma mphindi zochepa, ngakhale iwe wa ku Nkhotakota wodziwa kusambira. Abraham Lake nayonso chimodzimodzi, ndi damu limene linapangidwa atamanga Bighorn Dam mu 1972, madzi ake obiriwira okopa maso koma mphepo yake ndi yoopsa, tikaima tijambule tili kumtunda. Mwana aliyense akhale ndi wamkulu womugwira dzanja. Poyenda m'tinjira tiyende pagulu tikucheza mokweza kuti nyama zitimve zipatuke, apa ndiye Yamikani utithandiza, ndipo bear spray, mankhwala opopera othamangitsira chimbalangondo, akhale pa lamba osati pansi pa chikwama. Ndili naye, wina agulenso kuti gulu la kutsogolo ndi la kumbuyo onse akhale naye, ndidzakuonetsani kagwiritsidwe kake Lachisanu tikangofika

Yamikani: Kucheza mokweza ndiye musadandaule. Bear spray wachiwiri ndigula ine

Mai a Tadala: Kukagwa mvula tikhoza kupita ndi ana mu Nordegg momwe. Inali tauni ya mgodi wa malasha, Brazeau Collieries, unatsekedwa mu 1955 ndipo pano ndi malo a mbiri, chilimwe amayendetsa alendo kukaona. Tadala akuphunzira za mbiri ya Alberta kusukulu ndiye zimuthandiza. Chinanso, amene angafune kupitirira mpaka Saskatchewan River Crossing adziwe kuti kumeneko mwalowa mu Banff National Park, pass yake ndi ya Parks Canada, yosiyana ndi za province

Anti Nachisale: Lamlungu m'mawa tisanapasule matenti tikhale ndi mapemphero pang'ono, ngakhale mphindi 20, tithokoze komanso tipempherere kwathu. Abale athu achisilamu muli pagulu pano, nyama ya Yamikani ndi ya halaal, soseji za nkhumba ngati zilipo ziwotchedwe pa waya wake wosiyana

Yamikani: Nkhumba sindibweretsa n'komwe anti, tidye tonse pa waya umodzi

Kondwani: Ndiye tamvana, Fish Lake. Tsopano masamu. Site imodzi imalola anthu 6 pokhapokha ngati ndi banja limodzi la makolo ndi ana awo, ndipo amene alemba maina mpaka pano tilipo 19, ndiye tikufunika ma site 4 oyandikana. Munthu mmodzi sangathe kuwagwira onse nthawi imodzi asanalandidwe, ndiye obukitsa tikhale anayi: ineyo, a Dalitso, a Mai a Tadala ndi a Chifundo. Aliyense atsegule akaunti ya Alberta Parks sabata ino, alowetse zonse, khadi ikhale pafupi. Usiku wa tsiku lisanafike ndidzaika mapu a kampu pano tisankhe manambala, ndi ena apadera ngati oyambawo atengedwa. Tikalephera Fish Lake tiyesa Goldeye Lake, ili pa msewu womwewo patsogolo pang'ono. Ndalama tigawana tikabukitsa, ndidzaika risiti pagulu aliyense aone, kutumiza ndi e-transfer. Ana asukulu musalipire za site, mudzangothandiza kumanga matenti ndi kutsuka

Dalitso: Ine 9 koloko ndidzakhala pa shifiti koma ndipempha buleki nthawi imeneyo. Kondwani unditumizire nambala ya site yanga usiku wake kuti ndisadzayambe kusaka

Chifundo: Akaunti ndatsegula kale pompano

Thoko: Pali anzanga awiri a ku Malawi ku hostel, mmodzi wa ku Mzuzu wina wa ku Mangochi, nawonso sanatulukepo mu Calgary chibwerereni. Ndingawaitane?

Kondwani: Aitane, tikhala 21, ma site 4 akwanabe. Unditumizire maina awo lero, ndipo a Chifundo ngati muli ndi malo m'galimoto muwatenge

Chifundo: Malo alipo awiri, koma zikwama zikhale zazing'ono chifukwa silinda ya gasi ndi zigubu za madzi zili kumbuyo komweko